Uthenga Umene Alamu Anga Sanauone

Ntchito imene anandilembera pachipatala chija inali yapakhomo: kulandira odwala, kulemba mayina awo m'kaundula, ndi kuwalozera benchi yoti akhalepo. Chinali chipatala chaching'ono, osati cha boma, chapatali pang'ono ndi msika wa Thuchila. Chinali ndi zipinda zinayi ndi khonde lalitali loyang'ana kuphiri. Mwini wake anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito m'zipatala za boma mpaka kupuma, ndipo tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Panalinso anesi, mayi wathupi lodzaza ndi mawu aakulu, amene ankaona za amayi ndi ana.

Tsamba la chipatala pa intaneti ndinaliyambitsa ndine, popanda wondituma. Ndinali nditangogula foni yamakono ndipo manja ankandiyabwa. Tsiku lina odwala atatha ndinawapeza adokotala akusamba m'manja.

"Adokotala, bwanji titsegule peji ya chipatala chino?"

"Peji ya buku lanji?"

Ndinawaonetsa pafoni masamba a masitolo ndi a matchalitchi, mmene anthu ankalengezera zinthu zawo. Anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Chita, mwanawe," anatero. "Koma zinthu ziwiri. Usalembe bodza, ndipo usajambule wodwala."

Zaka zoyambirira zinali zokoma. Ndikalemba m'mawa kuti Lachinayi tiyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi mwaulere, pofika masana uthengawo unali utayenda mpaka ku Milonde. Lachinayilo khonde linkadzaza, ena n'kumakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Munthu akafika patebulo langa ankanena yekha ndisanamufunse, "Tinaona pafoni." Ambiri analibe n'komwe foni yoonetsa zithunzi. Anauzidwa ndi mwana wawo, kapena ndi mnzawo kuchigayo. Ine ndinkadzimva kuti ndine munthu. Sindinapite ku koleji ya unamwino monga ndinkafunira, koma ndi chala changa ndinkatha kudzaza khonde la chipatala.

Mwa onse amene ankatsatira tsambalo, panalibe woposa alamu anga, mkazi wa achimwene anga aakulu. Iwo ankakhala kukomboni ya esiteti ina ya tiyi. Achimwene ankagwira m'fakitale, alamu ankathyola tiyi m'munda. Anali mayi wamfupi, wazala zokhakhala zodetsedwa ndi masamba, ndipo akamaseka ankagwira phewa la aliyense amene ali pafupi. Chichewa chawo chinkasakanikira ndi Chilomwe cha kwa amayi awo, makamaka akakwiya kapena akakondwa. Sukulu sanapite nayo patali. Ankawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. Foni yawo inali yogula kwa munthu wina wa kumalire, yagalasi long'ambika pakona, ndipo ankaikulunga m'kapepala ka shuga kuopa chiperoni.

Amayi anzawo akatula madengu pamzere wodikira kuyezetsa tiyi, alamu ankamasula kapepala kaja n'kuwawerengera anzawo mokweza zimene ndalemba. Za malungo, za katemera, za kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Akamaliza ankalemba pansi pa uthengawo mawu awiri okha: "Tamva alamu."

Tsiku lina ndinawauza kuti, "Alamu, patsamba paja sindine alamu anu. Paja ndi chipatala chikulankhula."

"Chipatala chili ndi zala?" anandifunsa. "Mukulemba ndinu. Ndiye tamva alamu basi."

Sindingathe kunena tsiku limene zinthu zinayamba kusintha. Pansi pa uthenga uliwonse pankaoneka kanambala, kooneka kwa ine ndekha, kosonyeza kuchuluka kwa anthu amene uthengawo wawafikira. Kanambalako kanayamba kuchepa. Chodabwitsa n'chakuti anthu otsatira tsamba lathu ankachulukirabe, koma oona zimene ndalemba ankacheperachepera. Poyamba ndinati ndi netiweki. Kenako ndinati ndi kukwera mtengo kwa bandulo, kapena kuzimazima kwa magetsi. Itafika nyengo yamvula ndinati anthu ali kumunda. Mvula itatha, kanambala sikanakwere. Ndinkalemba monga kale, mawu omwewo, nthawi yomweyo, koma zinkangokhala ngati ndikulankhula m'chipinda chimene anthu atulukamo osanditsanzika.

"Tamva alamu" nayenso anayamba kudumphadumpha. Lero alipo, mauthenga atatu otsatira palibe. Ndinangoti tiyi wachuluka, alamu akutopa.

Loweruka lina m'mawa anatulukira pachipatala atanyamula zinanazi ziwiri.

"Moseliwa, alamu?" anandipatsa moni wa kwawo, n'kuika zinanazizo pansi pa tebulo langa.

"Mwabwera ndi chiyani? Ana ali bwino?"

"Ali bwino. Ndabwera za azimayi zija mumalembazi. Musalembe zambiri m'bukumo."

Ndinalemba dzina, mudzi ndi zaka, monga ndinkachitira ndi aliyense. Analowa kwa anesi ndipo anakhalitsamo. Potuluka anali akumanga bwino chitenje, akuseka.

"Chitsulo chija n'chozizira bwanji! Bwanji simunalembe zimenezo patsamba?"

"Koma zili bwino?"

"Zili bwino. Ndathamangira kabaza, achimwene anu atuluka masana."

Zimene zinanenedwa m'chipinda chija ndinadzazimva patapita chaka ndi miyezi. Anesi anaona chilonda pakhomo la chiberekero chimene sichinawasangalatse. Anawauza alamu kuti pakufunika madokotala ena achione, adule kanyama pang'ono kokayeza. Madokotala otere ankabwera kwathu kuchokera ku Blantyre mwa apo ndi apo, ndipo tsiku lawo linali lisanadziwike. Anesi anati ngati angathe apite kuchipatala chachikulu asadikire, koma ngati sangathe, "Muzionera patsamba lathu, tidzalengeza." Amenewo ndi mawu amene tinkauza aliyense. Tinali titawazolowera chifukwa kwa zaka zambiri ankagwira ntchito. M'kaundula wanga munalibe ngakhale malo olembapo nambala ya foni.

Alamu anapemphanso chinthu chimodzi kwa anesi: "Alamu anga ali pakhomowo musawauze."

Patapita miyezi iwiri tsiku la madokotala linadziwika. Uthengawo ndinaukonza mosamala kuposa ena onse. Ndinaikapo chithunzi chojambula pamanja chosonyeza pamene chiberekero chili, ndinalemba tsiku ndi nthawi m'zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinati amayi onse amene anauzidwa kuti adzabwerenso asalephere. Ndinautumiza katatu pamasabata awiri.

Madokotala anafika ndi galimoto yodzaza zida. Anesi anali atasesa, atayala nsalu zoyera. Pabenchi panali amayi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Pofika nthawi ya tiyi anali atathandizidwa onse. Alendowo anadikira mpaka masana, akucheza pakhonde, akuyang'ana mitambo ikutsika paphiri. Adokotala anawaperekeza kugalimoto ndi manyazi, akupepesa. Pobwerera anaima patebulo langa.

"Mwanawe, peji yako ija yatani?"

Anesi anayang'ana m'buku lawo, n'kuona mayina a amene sanabwere. Anandiyang'ana ine kamphindi. Pambuyo pake anadzandiuza kuti ankaganiza kuti alamu anapita kuchipatala chachikulu monga anawalangizira, ndipo pokhala analonjeza kusunga chinsinsi, anatseka buku.

Mwezi wotsatira bungwe lina linaitana anthu oyendetsa masamba a zipatala zing'onozing'ono ku maphunziro a masiku awiri paboma. Wotiphunzitsa anali mtsikana wa ku Blantyre, wanzeru, wolankhula mofulumira. Iye ndi amene anandimasulira chimene chinkachitika. Anati eni ake a malo ochezera a pa intanetiwa anasintha makina amene amasankha zoti munthu aziona akatsegula foni. Kale ukatsatira tsamba, zonse za tsambalo zinkakufika. Tsopano makinawo amasankha okha, ndipo amakonda zimene anthu akuseka nazo, kukangana nazo, kapena kuonera mpaka kumapeto. Uthenga wa chipatala wolembedwa bwinobwino umafika kwa anthu ochepa chabe mwa amene amatsatira tsambalo. Anatinso mwina zithunzi za ziwalo za m'thupi makinawo amaziyesa zolaula n'kuzibisa, ngakhale iye sanatsimikize.

"Ndiye titani?" anafunsa bambo wina wa chipatala cha kufupi ndi malire.

"Njira zilipo ziwiri," anatero mtsikanayo. "Mulipire kuti uthenga wanu ukankhidwe, kapena musinthe kalembedwe. Mavidiyo aafupi. Nkhope za anthu. Nyimbo. Muzifunsa mafunso kuti anthu aziyankha. Munthu akapanda kuima pa uthenga wanu m'kuphethira kwa diso, wadutsa."

Ndinabwerera ndi kope lodzaza. Za kulipira adokotala anazikana ndisanamalize n'komwe.

"Ndilipire kuti ndiuze anthu anga zimene iwo eni anapempha kuti azimva? Ayi. Ndalama imeneyo ndigulira magolovesi."

Ndiye ndinatsala ndi njira yachiwiri, ndipo ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinaphunzira kudula mavidiyo pafoni. Ndinasiya kulemba ndime zitalizitali. Ndinkafunsa anthu mafunso ngati, "Kodi neti yanu mwaichapa liti?" Ndinawanyengerera adokotala kuti alankhule za shuga kwa mphindi imodzi, koma ankayamba ndi moni wautali ndipo mphindiyo inkatha asanafike pa shuga. Kenako ndinawagwira anesi. Tsiku lina masana, kulibe odwala, ndinawajambula akuvina pakhonde atanyamula sopo ndi beseni, akuimba kanyimbo kopeka okha ka kusamba m'manja, chiuno chikugwedezeka m'yunifolomu yoyera.

Vidiyo imeneyo inauluka. Kanambala kaja kanakwera kufika pamene sikanafikepo. Anthu a ku Lilongwe, a ku Mzuzu, ngakhale a ku Joni ankalemba kuti anesi athu ndi akatswiri. Palibe mmodzi wa iwo amene akanabwera kudzakhala pabenchi yathu, koma ine sindinaganize zimenezo. Ndinkangotsegula foni kawirikawiri kuona mmene nambala ikukwerera. Ndipo pakati pa mayankho ambirimbiriwo ndinapeza awa: "Tamva alamu, koma anesi akuvina!"

Ndinaseka ndekha patebulo. Mumtima ndinati zabwerera mwakale, alamu akuona zonse.

Chaka chimenecho ndinakumana nawo kangapo. Pa Khirisimasi tinasonkhana kwa amayi athu. Alamu anali ataonda, ndipo pamene ena ankavina iwo anangokhala pamkeka atatsamira khoma. Ndinawaseka kuti tiyi wawadya. Ndinali ndikugawa mpunga m'mbale, ana atandizungulira, pamene anandikoka chitenje.

"Alamu, kodi patsamba paja mukulembabe zonse?"

"Zonse."

"Zonse zimene zikuchitika pachipatala?"

"Eya, palibe chimene ndimasiya. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Ndinapitiriza kugawa mpunga.

Mvula itatsala pang'ono kutha, achimwene anafika pachipatala m'mawa panjinga, atavala ovolosi ya kufakitale. Sanakhale pansi.

"Alamu ako agwa m'munda wa tiyi. Magazi sakusiya."

Kuchokera pamenepo zinthu zinayenda mwachangu. Kuchipatala cha paesiteti anawatumiza kuchipatala chachikulu cha boma, kumeneko anawatumiza ku Blantyre. Achimwene ndi amene anapita nawo. Atabwerako patatha masabata atatu, anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa buku lachipatala la alamu kuti ndiwawerengere, chifukwa madokotala analankhula zambiri ndipo iwo anangogwirapo mawu amodzi. Ndinawerenga. Inali khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inali itafalikira. Madokotala anawapatsa alamu mankhwala othetsa ululu, a m'botolo, n'kuwauza kuti akapumule kunyumba.

Nyumba ya kukomboni inali yopanikiza, ndiye alamu anapita kumudzi kwa amayi awo kufupi ndi Milonde. Ndinkapitako Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi. Ndinkawasambitsa, kuwachapira nsalu, ndi kuwayezera mankhwala. Lamlungu lina dzuwa litapendeka tinakhala pakhonde awiriwiri. Ine ndinkasenda nandolo, iwo atagona chammbali pamkeka, foni yawo ili pafupi ndi mutu.

"Alamu," anatero, "madokotala a ku Blantyre aja sanabwerebe mpaka lero?"

"Madokotala ati?"

"Aja anesi ananena. Anati adzabwera kudzaona chilonda changa, ndipo mudzalengeza patsamba."

Manja anga anaima m'lichero. Anandifotokozera zonse za Loweruka lija, modekha, ngati nkhani ya munthu wina. Ndikanatha kunena kuti sanabwere. Mawuwo anafika pakamwa, ndipo mwina akanawapepukira. Koma ankandiyang'ana m'maso.

"Anabwera," ndinatero.

"Liti?"

"Chaka chatha. Patangopita miyezi iwiri mutabwera inu."

Nkhuku inadutsa pakati pathu n'kutola nandolo imene inagwa.

"Munalemba?"

"Katatu."

Anandipatsa foni yawo. "Tandionetseni."

Ndinalemba dzina la tsamba lathu pamalo ofufuzira, ndipo iwo anadzutsa mutu kuti aone chimene ndikuchita.

"Kodi zimatheka kulipeza chonchi?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti alamu sankadziwa kufufuza tsamba. Ankangotsegula foni n'kumakankha ndi chala, kuona zimene zabwera. Kwa zaka zonse zija zathu zinkabwera zokha, ndiye panalibe chifukwa chophunzirira, ndipo ine sindinaganizepo zowaphunzitsa.

Ndinatsika m'munsi, kudutsa mavidiyo anga onse, kudutsa anesi akuvina, mpaka ndinaupeza. Ndinawagwirira foniyo pafupi ndi nkhope. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Munalemba bwino," anatero. "Zomveka ndithu."

"Alamu..."

"Ine ndinkayang'ana tsiku lililonse. M'mawa ndisanapite kumunda, masana pamzere. Kunkabwera za mpira, za maukwati, za abusa akuchiritsa anthu, za nsapato zogulitsa. Zanuzi zinkabwera mwa apo ndi apo. Ndinkati madokotalawo atanganidwa, Blantyre n'kutali."

"Bwanji simunandifunse? Pa Khirisimasi paja bwanji simunanene?"

"Ndikufunseni inu, mlongo wawo wa amuna anga, za kumusi? Mukanandifunsa chifukwa chake. Ndipo achimwene anu akanamva za chilonda akanati ndayendayenda. Amuna samvetsa zimenezi."

"Nanga kuchipatala chachikulu?"

"Kusiya tiyi tsiku lathunthu, kapitawo n'kumufotokozera chiyani? Sichinkapweteka nthawi imeneyo. Ndinati ndidikire a pafupi."

Ndinalira mpaka nandolo inanyowa. Iwo anatambasula dzanja n'kundigwira bondo.

"Musalire, alamu. Mundiliritsa, ndipo ndikalira m'mimba mumapweteka."

Lolemba ndinawafunsa adokotala, titatseka chitseko, ngati alamu akanapulumuka akanabwera tsiku lija. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Sindikudziwa, mwanawe. Mwina chinali chitapita kale patali. Mwina ayi. Ndikakuuza chimodzi mwa ziwirizi, ndikunamiza." Kenako anati, "Koma mlandu si wako wekha. Ine ndi amene ndinalola kuti chipatala chizitsanzika odwala ndi mawu akuti muzionera pafoni."

Anesi anali pakhomo akumva. Anachoka n'kukakhala m'chipinda chawo, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Alamu anamwalira m'nyengo yotentha, m'mawa, amayi awo akuwapatsa phala. Anaikidwa kumudzi komweko. Amayi a kumunda wa tiyi anabwera ambiri, ena atangochokera kuntchito, ndipo anaimba mpaka mawu kusasa. Mmodzi wa iwo, amene sindinkamudziwa, anandigwira dzanja pobwerera kumanda n'kundifunsa ngati ndine alamu a patsamba aja. Ndinavomera. Anati tsopano pamzere palibe wowawerengera.

Patatha sabata ndinalemba patsamba mawu ochepa. Sindinaike chithunzi, sindinatchule dzina. Ndinangoti tataya mayi wina amene ankawerengera anzake mauthenga athu, wamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ndinapempha amayi kuti aziyezetsa. Sindinayembekezere kanthu. Ndinkangofuna kuti pakhale penapake palembedwa kuti munthu ameneyu analipo.

Uthenga umenewo unafika kulikonse. Unaposa ngakhale vidiyo ya anesi. Anthu amene sanamudziwepo ankalemba kuti ause mumtendere, ankaika tizithunzi ta nkhope zolira, ankautumiza kwa anzawo. Ndinakhala patebulo langa ndikuona kanambala kaja kakukwera ngati madzi a mtsinje wosefukira. Uthenga woti alamu abwere adzathandizidwe unawafika anthu owerengeka, koma wa imfa yawo unafika m'dziko lonse. Masana mtsikana wotiphunzitsa uja ananditumizira mawu ondiyamikira. Sankadziwa kuti womwalirayo ndi ndani kwa ine. Anati nkhani zokhudza mtima ndi zimene zikuyenda masiku ano, ndipitirize chomwecho.

Ndinapita kuseri kwa chipatala, pamene timatenthera zinyalala, ndipo ndinaufufuta uthengawo. Ndinakhala pamenepo mpaka anesi anabwera kudzanditenga.

Achimwene ndinawauza zonse patatha mwezi. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Ndiye iwe unali pakhomo pomwepo tsiku limene anabwera?" Ndinavomera. Anagwedeza mutu, n'kukwera njinga. Miyezi ingapo sanabwere kwathu, ndipo tikakumana kumsika ankandipatsa moni ngati mlendo. Panopa timalankhulana, amanditumizira ana awo aakazi awiri patchuthi, koma za mayi awo sitinazikambenso.

Tsamba lija lilipobe. Ndimalembapo, ndipo nthawi zina ndimaikapo vidiyo, chifukwa pali achinyamata amene amatipeza kumeneko. Koma sitiuzanso wodwala aliyense kuti azionera patsamba. Ndinatenga rula n'kujambula mizere iwiri yatsopano m'kaundula: wina wa nambala ya foni, wina wa munthu amene wodwalayo walola kuti tingamuuze foni ikakanika. Tsiku la madokotala likadziwika, anesi amandipatsa mayina okha, osandiuza matenda, ndipo ine ndimaimbira mmodzimmodzi. Tinapanganso timagulu ta pafoni ta amayi a m'midzi ndi a m'makomboni, kumene timatumiza mawu olankhula, osati olemba, anesi m'Chichewa ndipo mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu amabwereza m'Chilomwe. Makalata amapita kumatchalitchi, kumzikiti, ndi kwa makapitawo. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo palibe wa ku Lilongwe amene amatiyamikira.

Mwezi wathawu panali dzina limodzi limene foni yake sinkalowa. Nambala yachiwiri inali ya mchemwali wake, koma mchemwaliyo anali atasamukira ku Mozambique. Lachisanu nditaweruka ndinakwera kabaza kupita kumudzi umene unalembedwa m'kaundula, kutsidya kwa mtsinje. Ndinafunsira nyumba zitatu ndisanaipeze. Mayiyo anali pabwalo akuyanika makaka a chinangwa, mwamuna wake ali pampando pafupi akukonza khasu. Atandiona nkhope inasintha. Ndinapereka moni, n'kunena kuti ndamva kuti amagulitsa makaka abwino. Ananditapira pang'ono m'jumbo, kenako anauza mwamuna wake kuti andiperekeza pang'ono.

Titafika pamene nyumba sinkaonekanso, ndinamuuza.

"Lolemba madokotala akubwera. Anesi akuti musalephere."

"Mwayenda ulendo wonsewu chifukwa cha ine?"

"Foni yanu sikulowa."

"Inagwera m'chitsime." Anayang'ana kumbuyo. "Ndiona, achemwali. Lolemba ndi tsiku la msika, bambo amafuna ndikagulitse."

"Msika umabweranso. Mubwere."

"Ndiona."

Lolembalo ndinakhala ndikuyang'ana kumsewu m'mawa wonse. Amayi ena onse anabwera, anathandizidwa, anapita. Madokotala anadya, n'kuyamba kulongedza zida. Dalaivala anali atatsegula kale kumbuyo kwa galimoto pamene mayi uja anatulukira pangodya, thukuta lili kamukamu, mwana kumsana, dengu lopanda kanthu kumutu. Ndinathamangira kugalimoto n'kuwapempha madokotalawo kuti atsitsenso bokosi limodzi. Anayang'anana, mmodzi anayang'ana wotchi, koma anatsitsa.

Ndinamulandira mwanayo kuti mayi ake alowe. Anesi anatseka chitseko. Zimene anapeza m'menemo sindikuzidziwa, ndipo si zanga kufunsa. Ndinabwerera patebulo langa mwana ali m'manja, chifukwa panali bambo wina wachifuwa amene anali atadikira nthawi yaitali kuti ndimulembe.